Lipoti la nkhani: mayi wothawa nkhondo ya ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, amene ankakana kulembedwa m'kaundula wa chimanga

Ndimagwira ntchito ya uphungu ndi chitetezo cha amayi ndi ana m'boma la Mangochi, makamaka kumtunda kuno, kuyambira Namwera mpaka kumalire a Chiponde. Lipotili ndalembera anzanga a ntchito ngati yanga, alangizi a zaumoyo ndi makomiti a m'midzi. Eni nkhaniyi anavomera kuti ilembedwe. Dzina lawo, mudzi ndi zina zoti angadziwike nazo ndazichotsa, ndipo ndiziwatchula kuti Mayi F. Zambiri tinkayankhulana m'Chiyao.

Mmene nkhaniyi inandipezera

Inabwera kudzera kwa mlangizi wa zaumoyo chakumapeto kwa 2024. Chaka chimenecho ng'amba ya El Niño inali itawotcha chimanga m'minda, ndipo mu Malichi Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anali atalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. M'midzi munali kalembera wa mabanja oti azilandira thumba la makilogalamu 50. Anthu ankakokanakokana, ena mpaka kunyoza amfumu pamaso, pofuna kuti dzina lawo lilowe. Koma panali mayi mmodzi amene komiti inachita kumulondola pakhomo kuti imulembe, iye n'kukanitsitsa.

Mayiyo anali ndi mwana wazaka zinayi. Mlangizi atamuyeza mkono, kalamba kanaima pachikasu, kutsala pang'ono kulowa pofiira. Anawauza kuti apite naye kusikelo, sanapite. Tsiku logawa chimanga pabwalo la sukulu, anabereka mwanayo mbandakucha, wamkulu akutsatira pambuyo, n'kukaswera kumunda wa m'phiri. Anatsikako dzuwa litalowa.

M'mudzi munayenda mawu awiri. Ena ankati mutu sukuyenda bwino. Ena ankati pali chimene akubisa: munthu wochokera kunkhondo, wokana kuti dzina lake lilembedwe, wothawa akaona galimoto ya boma, si mkazi wa zigawenga ameneyu? Mawu achiwiriwa ndi amene anandithamangitsa, chifukwa anyamata ena anali atayamba kale kunena kuti achoke. Kalata ya mlangizi inangoti: akuoneka kuti ali ndi vuto la maganizo, akukana thandizo.

Mbiri yawo

Mayi F. anabadwira kuno mu 1989. Mayi awo anali Myao wa ku Mandimba, ku Mozambique, amene anathawa nkhondo ya Renamo ndi Frelimo, nthawi imene Malawi inasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni. Bambo awo anali mwana wa m'mudzi uno. Mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992 anthu anayamba kubwerera, ndipo iwo anapita ndi mayi awo ali kamwana. Atakula anakwatiwa ndi bambo wina wogulitsa nsomba zouma, amene anawatengera kunyanja yamchere, m'boma la Quissanga ku Cabo Delgado.

Nkhondo ya kumeneko inayamba pa 5 Okutobala 2017, pamene anyamata a mfuti ndi zikwanje anaukira apolisi ku Mocímboa da Praia. Eni dera amawatcha al-Shabaab, ngakhale si gulu limodzi ndi la ku Somalia, ndipo kuyambira 2019 Islamic State yakhala ikunena kuti ndi anthu ake. Pa 25 Malichi 2020 zigawengazo zinalowa m'tauni ya Quissanga n'kuonetsa mbendera yawo yakuda papolisi. Amuna a Mayi F. anali atapita kukagula nsomba, ndipo sanaonekenso. Iwo, ali ndi pakati, anakwera bwato ndi ana awiri mpaka pagombe la Paquitequete ku Pemba, kenako anakapezeka ku Metuge kumene anthu ankagona m'matenti ndi m'makalasi. Mwana wonyentcherayu anabadwira kumeneko.

Boma litayamba kusamutsira anthu kumalo atsopano, kuwapatsa poti amange ndi kamunda, iwo anagwera ku Ancuabe. Akuti kumeneko mtima unayamba kukhala m'malo. Anamanga nyumba yomata, anabzala chinangwa, mnyamata wawo anabwerera kusukulu. Asilikali a ku Rwanda ndi a SADC anali atafika mu Julayi 2021, ndipo mwezi wotsatira Mocímboa da Praia inalandidwa m'manja mwa zigawenga. Aliyense ankati nkhondo yatha mphamvu. Mu Juni 2022 zigawenga zinatulukira ku Ancuabe komweko, boma limene mpaka nthawiyo anthu ankaliyesa kothawirako.

Za tsiku limenelo anandiuza patapita nthawi, tili kuseri kwa nyumba akusenda chinangwa, maso ali pa mpeni.

"Tinali titangolandira mpunga, nyemba ndi mafuta. Anabwera dzuwa likulowa, ena atavala ngati asilikali a boma, ndiye poyamba sitinathawe. Anatikhazika pansi. Mmodzi anayankhula Chimwani, akuti, 'Inu a kunyanja, mukudzatani kuno? Munathawa ndani? Ndiye kuti boma ndiye bambo wanu?' Kenako anafunsa amene amasunga buku la mayina."

Wosunga bukuyo anaphedwa anthu akuona. Matumba a mpunga anasenzetsa anyamata, ndipo mwana wawo wazaka 14 anali mmodzi mwa osenzawo. Sanabwerere.

Anathawira ku Montepuez n'kumakhalira ganyu. Mu Febuluwale 2024 zigawenga zitaukira midzi ya ku Chiúre, anthu pafupifupi 100,000 n'kubalalika, ambiri kuwolokera ku Nampula, Mayi F. anati basi, kulikonse kumene akutiika akutitsatira. Anakwera malole kudzera ku Marrupa ndi Cuamba mpaka Mandimba. Anapeza mayi awo anamwalira kale. Anawoloka malire kudzera njira ya kumunda n'kufikira kwa azakhali awo, mlongo wa malemu bambo awo.

Zimene ndinapeza

Mayi F. si wamisala. Amadziwa tsiku, malo ndi anthu, amawerengera ndalama ya ganyu osaphonya, nkhani yawo imayenda mwandondomeko ndipo simasintha akaibwereza. Zizindikiro za munthu amene anaona zoopsa zilipo ndithu. Tulo amagona ta apo ndi apo, atavala. Njinga yamoto ya kabaza ikadutsa usiku amadzambatuka. Kumutu kwa mphasa kumakhala kamtolo komanga m'chitenje: machesi, mchere, kampeni, ndi mapepala a ana atawakulunga m'pepala la shuga. Azakhali akawapatsa ufa wodzaza ndowa, amaugawa m'timajumbo n'kukasungitsa kwa anthu osiyanasiyana, m'nyumba n'kungotsala wa lero ndi mawa.

Koma kukana kaundula kuja sikunali matenda. Anali malamulo atatu amene anadziikira: usalembedwe m'buku, usaime pamene anthu ambiri akulandira, chakudya chisaoneke m'nyumba mwako. Kuno ku Namwera malamulowa akupweteketsa mwana. Kumene anawaphunzirako anali nzeru, ndipo amene anawatsatira ena mwa iwo ali moyo chifukwa cha zimenezo. Ndinaona kuti sindingawasinthe maganizo, kapena kuzimitsa mphekesera za m'mudzi, ndisanathe kufotokozera komiti chifukwa chimene anthu a mfuti amalimbana ndi munthu amene wataya kale zonse.

Chifukwa chake othawa kwawo amaukiridwa

Funso la wachigawenga lija, lakuti munathawa ndani, ndilo phata la nkhaniyi. Ife timaona munthu wa mumsasa ngati wosalowerera mbali, wongopulumutsa moyo. Gulu limene likufuna kulamulira dera silimuona choncho. Gulu lotero limafuna anthu oti aziwalimira, aziwapatsa msonkho, aziwauza kumene asilikali adutsa. Mudzi ukasamuka wonse n'kukakhala kumene kuli boma, gululo latsala ndi tchire lokhalokha, ndipo kwa iwo anthu aja asankha mbali ndi mapazi awo. Kuwatsatira kumsasa ndi chilango kwa amene anathawa, komanso chenjezo kwa amene akadali m'midzi: musayerekeze, kumeneko tifikako.

Zimenezi si zongoganizira ine. Khoti la dziko lonse loweruza milandu ya nkhondo la ICC ku The Hague linaziunika pozenga mlandu wa Dominic Ongwen, mmodzi mwa akuluakulu a gulu la zigawenga la ku Uganda la LRA, la Joseph Kony. Kumpoto kwa Uganda boma linali litasonkhanitsa anthu oposa 1.5 miliyoni m'misasa. Mu Febuluwale 2021 khotilo linamupeza Ongwen wolakwa pa milandu 61, kuphatikizapo kuukira misasa ya Pajule, Odek, Lukodi ndi Abok mu 2003 ndi 2004, ndipo anamugamula zaka 25. Oweruza anapeza kuti LRA inkawerengera anthu okhala m'misasa ya boma ngati a mbali ya boma, choncho adani. Akuluakulu a kuno sasowa kupita ku Uganda kuti amvetse. Frelimo itasonkhanitsa anthu m'midzi ya boma ija pambuyo pa ufulu, a Renamo ankawotcha midzi yomweyo, pamodzi ndi sukulu ndi zipatala zake, chifukwa kukhala m'menemo kunkatengedwa ngati kuvomera Frelimo. Ambiri amene anadzaza madera a m'malire kuno zaka za m'ma 1980 anathawa zimenezo.

N'chifukwa chake buku la mayina limafunidwa. Wosunga buku, mfumu ya msasa, mphunzitsi, wogawa chakudya, ndiwo nkhope ya boma imene ili pafupi, yopanda mfuti. Komanso m'bukumo mumaoneka kuti uyu anachokera mudzi uti. Othawa amadziwa zambiri: amadziwa mwana wa ndani analowa m'tchire, njira ya kuchitsime imene zigawenga zimadutsa, amene ankawagulitsa mafuta. Munthu woteroyo akakhala pafupi ndi asilikali, gulu limamuopa ngati kazitape ngakhale asanatsegule pakamwa.

Chachiwiri ndi chakudya. Gulu likathamangitsa alimi limadzipha lokha ndi njala, pakuti m'midzi yopsa mulibe wolima. Chakudya chimene chatsala m'dera lonse chili kumene mabungwe akugawa. Msasa ukangolandira umakhala ngati nkhokwe yopanda chitseko pakati pa mudzi wa njala, ndipo tsiku logawa silibisika: malole amaoneka, mayina amaitanidwa mokweza. Mayi F. sanalakwe kulumikiza mpunga uja ndi kubwera kwa anthu aja.

Katundu akalandidwa amafuna womusenza, ndipo apa m'pamene ana amatayikira. Wosenza akafika kutchire sabwezedwa, chifukwa waona njira. Mnyamata amaphunzitsidwa mfuti, mtsikana amapatsidwa mwamuna. Bungwe la Human Rights Watch linanena mu Disembala 2021 kuti amayi ndi atsikana oposa 600 anali atabedwa ku Cabo Delgado kuyambira 2018. Okana amaphedwa: ku Xitaxi m'boma la Muidumbe, mu Epulo 2020, apolisi ananena kuti anyamata 52 anaphedwa atakana kulowa gululi. Ndipo sikuti nthawi zonse zigawenga zimachita kulowa mumsasa. Umphawi wa mumsasa umatulutsa anthu okha. Ku Ngala m'chigawo cha Borno ku Nigeria, kumayambiriro kwa 2024, a United Nations ananena kuti anthu oposa 200, ambiri amayi ndi ana a m'misasa, anabedwa atapita kutchire kukatola nkhuni.

Pali nkhani ya asilikali, imene ili ndi mbali ziwiri zowawa. Msasa ukakhala pafupi ndi kampu ya asilikali, ofuna mfuti ndi zipolopolo za m'kampumo amadutsa pa anthu. Asilikali akachoka, anthu amatsala poyera atadindidwa kale chidindo chakuti ndi a boma. Tauni ya Rann ku Nigeria, yodzaza ndi othawa, inaona zonse ziwiri mu Januwale 2019: Boko Haram inayamba yaukira kampu, kenako asilikali atachoka inabweranso, ndipo Amnesty International inawerenga anthu osachepera 60 ophedwa.

China ndi uthenga. Boma likamauza dziko kuti nkhondo yatha, anthu ali pabwino, njira yotsika mtengo yolitsutsa ndiyo kupha anthu pamalo pomwe lawaika. Ku Dikwa, ku Borno komweko, mu Febuluwale 2016, atsikana awiri anadziphulitsa ndi mabomba mumsasa n'kupha anthu osachepera 58. Wachitatu anakana ataona kuti abale ake ali mumsasa womwewo. Za ku Ancuabe ine ndimaziona chimodzimodzi: anyamata a mfuti aja atapanikizidwa kumpoto ndi asilikali a ku Rwanda ndi SADC, anagawikana timagulu n'kupita kumene kunalibe asilikali ambiri, ngati mmene anatulukira ku Mecula m'chigawo cha Niassa kumapeto kwa 2021. Anthu khumi a mfuti akawotcha mudzi umodzi, boma lonse limasamuka, asilikali n'kumwazikana kulondera paliponse.

Kwina nkhani imakhala ya malo ndi mtundu. Ku Plaine Savo m'chigawo cha Ituri ku Congo, mu Febuluwale 2022, gulu la zida la CODECO linapha anthu pafupifupi 60 a mtundu wa Hema mumsasa. Kumeneko msasa unangowasonkhanitsira pamodzi anthu amene ankawafuna kale.

Nanga chipembedzo? Ndiyenera kunena poyera, pakuti kuno nkhaniyi imapweteka anthu. Gululi limadzitcha la Chisilamu, ndipo lawotcha matchalitchi ndi kupha Akhristu. Koma madera a m'mbali mwa nyanja kumene nkhondoyi inayambira ndi a Asilamu, ophedwa ndi othawa ambiri kumeneko ndi Asilamu, ndipo mashehe a komweko ndiwo anayamba kuchenjeza boma za anyamatawa nkhondo isanabuke. Mayi F. ndi Msilamu woswali kasanu. Sizinawapulumutsire mwana.

Komanso wothawa saopa zigawenga zokha. Ku Rann komwe kuja, mu Januwale 2017, ndege ya asilikali a Nigeria inaphulitsa msasa molakwitsa n'kupha anthu ambiri, pamodzi ndi ogwira ntchito a Red Cross. Ku Cabo Delgado, Amnesty International mu Malichi 2021 inadzudzula zigawenga, asilikali a boma ndi kampani ya asilikali aganyu ya Dyck Advisory Group, onse, pa kupha anthu wamba. Wochokera kudera la zigawenga akafika pa rodibuloko amafunsidwa chifukwa chimene anachedwera kuthawa. Kutchire ndi kazitape wa boma, kuboma ndi kazitape wa kutchire. Mphekesera za m'mudzi muno zinali kupitiriza zomwezo, ngakhale oyankhulawo sankadziwa.

Zimene tinachita

Ndinayamba ndi amfumu ndi ashehe, aliyense payekha, nditagwirizana ndi Mayi F. zimene ndinganene ndi zimene ndisanene. Za mwana wotengedwa anakana kuti zitchulidwe pagulu, poopa kuti anthu ati ali ndi mwana m'zigawenga, ndipo sizinatchulidwe. Amfumu, amene anali mnyamata nthawi ya Matsanga (a Renamo), sanafune kufotokozeredwa kawiri. Anangoti, "Mwanangu, ifetu tinasunga anthu okana kugona m'nyumba chaka chathunthu." Anaitanitsa anyamata aja n'kuwakumbutsa kuti bambo a mayiyu manda awo ali pomwepa. Ashehe anayankhulapo pambuyo pa swala ya Ijumaa osatchula dzina la munthu. Mphekesera sizinatheretu, koma zoti achoke zinaleka.

Pa chimanga sitinawakakamize. Komiti inalemba banja la azakhali monga mmene lilili tsopano, anthu onse a pakhomopo, mwini dzina n'kukhala azakhaliwo, ndipo mdzukulu wawo ndiye ankakatenga thumba pa njinga. Mayi F. anadziwa zonse ndipo anavomera. Thumba linkasungidwa kwa azakhali, iwo n'kumatapako pang'onopang'ono. Mwana ankayezedwa pakhomo poyamba, mlangizi n'kumabweretsa phala la Likuni. Kenako anayamba kupita kuchipatala masana, mzere utatha. Pofika nthawi yokolola kalamba kanali pobiriwira.

Apolisi anayenera kudziwa, poti munthu analowa m'dziko osadzera pachipata. Ndinapempha kuti abwere wamkazi wa ku ofesi yothandiza ozunzidwa, wosavala yunifolomu, ndipo zinatheka. Paja amene anawatengera mwana ena anali mu yunifolomu.

Uphungu weniweniwo tinkachita pang'onopang'ono. Sindinawauze kuti mantha awo ndi opanda pake. Tinkatenga lamulo limodzi n'kuliyeza ndi kuno: kodi chimanga chagawidwa kangati m'mudzi muno, ndipo anabwera ndani usiku wake? Kuchokera pano kukafika ku Ancuabe ndi masiku angati pa lole? Gululi silinachitepo chiwembu m'Malawi muno, ndipo zimenezo ndinawauza monga zilili, osawonjezera malonjezo. Kamtolo ka kumutu sindinakakhudze. Sikapweteka munthu.

Kwa anzanga a m'makomiti ndingonena izi, poti anthu oterewa tizikumana nawo m'malire muno. Kuitana mayina mokweza pabwalo, n'kuwonjezera kuti uyu ndi wa ku Mozambique, n'kosafunika. Kumangira obwera malo awoawo kunja kwa mudzi kumaoneka ngati dongosolo, koma kwa munthu wochokera kumene Mayi F. achokera ndi kumuika pa chandamale. Ndipo wokana thandizo afunsidwe kaye chimene chinachitika ulendo watha pamene analandira.

Pamene nkhaniyi ili tsopano

Zatsala ziwiri, zonse za mapepala. Ali ku Metuge ndi ku Ancuabe, Mayi F. anali wothawa m'dziko lake lomwe, wotetezedwa ndi Pangano la Kampala la 2009, limene limaletsa magulu a zida kuzunza anthu oterewa, ngakhale a m'tchirewo salilabadira. Atangowoloka malire, lamulo linasintha. Ndondomeko ya Malawi ndi yakuti othawa kwawo azikhala ku Dzaleka m'boma la Dowa, msasa umene unatsegulidwa mu 1994 ndipo lero muli anthu oposa 50,000. Nditawafotokozera, anandiyankha kuti, "Achemwali, kumsasa ayi. Bola mundibweze kutchire." Njira imene tikutsata ndi ya unzika. Pachikhalidwe chathu cha Chiyao mwana ndi wa kuchikazi, choncho m'maso mwa anthu iwo ndi a ku Mandimba. Koma lamulo la dziko limawerengeranso bambo, ndipo iwo anabadwira kuno kwa bambo wa kuno. Amfumu alemba kalata, azakhali ndi mkulu wina aikira umboni, ndipo mapepala apita ku ofesi ya kalembera wa unzika kuboma. Za ana zidzatsatira za mayi.

Chachiwiri ndi mnyamata uja. A Red Cross ali ndi ntchito yofufuza abale otayana pankhondo, ndipo fomu yake imafuna dzina la mwana, la mayi ndi kumene mayi akupezeka. Anakhala nayo milungu ingapo asanavomere. Chimene chinkawagwira si kulembedwa kokha ayi. Anafunsa kuti mwanayo akapezeka, poti pano ndi wamkulu ndipo mwina anamugwiritsa mfuti, adzatengedwa ngati mwana wobedwa kapena ngati chigawenga. Ndinawauza kuti mfundo za ku Paris za 2007 zimati mwana wolowetsedwa m'gulu la zida aziwonedwa choyamba ngati wolakwiridwa, ndiponso kuti a Red Cross sapereka mayina a m'mafomu awo kwa asilikali. Anadinda chala. Fomu inatumizidwa, yankho silinabwere, ndipo nkhaniyi ikadali yotsegula m'buku langa. Mlangizi wa zaumoyo akupitiriza kuyeza mwana wamng'onoyo mwezi ndi mwezi, ndipo mwana wamkazi wamkulu uja wayamba sitandade 3 pasukulu ya m'mudzimo.